Kireni ya matani 25 ndi kalavati wa matani 5: zomwe tinapeza pa ntchito ina ku Mulanje

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anasiya mitsinje yambiri ya ku Mulanje yopanda powolokera. Madzi otsika m'phiri anabwera ndi miyala, mitengo ndi mchenga, zija akuluakulu akuno amati kwadutsa Napolo, ndipo sanasankhe kuti uwu ndi mlatho wa pa tala, uyu ndi kalavati wa kumudzi. Lipoti lino likunena za amodzi mwa malo amenewo: kamtsinje kothira mu Ruo, pa msewu wafumbi wopatuka pa M2. Mapaipi akale a konkire anakokoloka onse, kamtsinje kanakumba phompho, ndipo kwa chaka chathunthu anthu ankawoloka pa mitengo ya bulugamu yomwe anayala okha. Alimi ang'onoang'ono a tiyi ankasenza masamba kudutsa pomwepo kukapeza galimoto tsidya linalo, a kabaza ankanyamula njinga paphewa, wodwala ankawolotsedwa kumsana.

Boma linapereka ntchitoyi kwa kontrakitala wina wa ku Blantyre, wolembetsedwa bwinobwino ku NCIC, bungwe lomwe linkalembetsa makontrakitala a zomangamanga. Pulani inali yoika makalavati 12 a bokosi, mizere iwiri ya 6, oumbiratu pabwalo lina pafupi ndi msika n'kuwabweretsa pa lole. Ine ndinali mbali ya injiniya woyang'anira ntchito, ndipo gawo langa linali chitetezo cha antchito ndi cha anthu odutsa. Mayina a anthu ndi a makampani ndawasiya dala.

Pa mapepala zonse zinali bwino. Lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo wa pantchito limapereka udindo kwa wolemba ntchito kuti antchito ake aphunzitsidwe, ayang'aniridwe, komanso kuti makina akhale osaopseza moyo, ndipo kontrakitala wathu anali ndi fayilo yosonyeza kuti wachita zimenezi. Munali masatifiketi atatu a maphunziro a kanyamulidwe ka katundu wolemera, omwe anachitikira ku loji ina mumzinda. Nditafunsa eni mayinawo, ndinapeza kuti mmodzi ndi wosunga sitolo, wina ndi kalaliki wolemba malipiro, wachitatu ndi mphwake wa mwini kampani yemwe ankabwera pa saiti Lachisanu lokha. Kumene kuli alawansi ndi nkhomaliro ya nkhuku, amapitako ndi amene ali pafupi ndi bwana. Omwe ankagwira matcheni ndi manja awo anali anyamata aganyu a m'mudzi momwemo, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anauzidwapo kanthu kupatula kuti asavule chipewa.

Chizindikiro choyamba

Kireni inabwera kumapeto kwa Juni 2024, yobwereka ku Limbe, yolipidwa pa tsiku, pamodzi ndi woyendetsa wake, bambo waimvi wa zaka zambiri pa ntchitoyi. Pathupi pake panalembedwa matani 25. Anaiimika m'mphepete mwa dzenje, ndipo tsiku loyamba anatsitsa makalavati atatu a kufupi ndi gombe. Aliyense anakondwa, anthu a m'mudzi anawombera m'manja.

Madzulo ake, ndikuyendera saiti antchito ataweruka, mnyamata wina wa aganyu aja ananditsata mpaka pa galimoto. Ntchito yake inali kukola matcheni ndi kusuntha matabwa oyala pansi pa miyendo ya kireni. Anayamba ndi kupepesa. "Pepani bwana, mwina si nkhani ayi, koma pamene timatsitsa wachitatu uja, mwendo wakumbuyo unali m'malere. Thabwa ndinalikankha ndi gambutsi, linasuntha." Anali atawauza a kapitawo nthawi yomweyo, ndipo yankho linali lakuti kireni imatero, iye asamale za matcheni ake.

Anzanga ena adzati pa makina ena mwendo umodzi umatha kupepuka ngakhale katundu ali m'malire. N'zoona. Koma zimenezo umazinena utawerenga tchati cha makina chosonyeza kulemera komwe anganyamule pa mtunda uliwonse, n'kudziwa kulemera kwa chomwe wanyamula, osati pongofuna kumukhazika chete mwana. Mwendo wa mbali yomwe kulibe katundu ukayamba kusiya nthaka, ndiye kuti kulemera konse kwakhamukira pa miyendo ya kudzenje, ndipo chatsala n'chochepa kuti makina agwade. Makalavati atatu aja anali a pafupi. Otsalawo ankafunika kupita patali.

Zomwe tinapeza m'mawa mwake

Ndinapempha injiniya kuti kireni isalizidwe mpaka tiyeze. Tinayamba ndi funso lomwe panalibe analifunsa: kalavati mmodzi akulemera bwanji? A kapitawo anati matani atatu ndi theka, poti ndi momwe ankalemerera omwe anaikapo pa ntchito ina ku Chikwawa. Tinatenga tepi. Kunja mamita 2.4 m'lifupi, 2.4 msinkhu, 1.2 m'litali, khoma lokhuthala masentimita 20. Zimenezi zimapereka makiyubiki mita 2.1 a konkire, ndipo kiyubiki imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400. Kalavati mmodzi anali matani 5 ndi pang'ono. Ukaonjezapo huku (mbedza) ya kireni ndi matcheni, zomwe tchati chimaziwerengera ngati katundu, tinali kufupi ndi matani 5 ndi theka.

Apa ndi pomwe nambala yolembedwa pathupi pa kireni imapusitsa anthu, kuphatikizapo mabwana a m'maofesi omwe amasaina mapepala. Matani 25 aja kireni imanyamula katundu ali pamphuno pake penipeni, mamita atatu kuchokera pakati pa makina, mkono uli waufupi. Mtunda ukamatalika mphamvu imagwa msangamsanga. Tinayeza kuchokera pakati pa kireni kufika pomwe panatsikira kalavati wachitatu, tinapeza mamita 11. Wa kumapeto kwa mzere akanafunika mamita oposa 14. Tchati cha makinawo, chomwe tinachipeza chitapindidwa kuseri kwa mpando, chinkasonyeza kuti pa mamita 12 sangafike n'komwe matani 5. Kunena kwina, dzulo lakelo anali atafika kale pamalire, ndipo tsiku limenelo akanawadutsa.

Makinawo ali ndi alamu yomwe imalira katundu akayandikira malire, kenako n'kuletsa mkono kupitirira. Anyamata anati inalira dzulo, kenako inangoti zii. M'kanyumba ka woyendetsa tinapeza kiyi wolambalalitsa chitetezocho ali pamalo pake, womangidwa ndi kawaya kuti asabwerere. Kiyi ameneyu anapangidwira nthawi yopinda kapena kukonza makina, osati ponyamula. Woyendetsa sanakane. Anati, "Achimwene, ine alamuyi ndimaidziwa bwino kuposa inu. Koma ndikaima, foni imalira kuchokera ku Limbe, ina kuchokera kwa bwana wa kuno. Mawa atumiza wina amene saima."

Pansi panalinso nkhani. Pomwe panaima miyendo ya kudzenje sipanali nthaka ya chilengedwe. Linali dothi lomwe chikatapila chinakankhira pamenepo masabata awiri m'mbuyomo, mchenga ndi thope la madzi osefukira aja, osatsenderedwa. Chitsulo chomangira cha Y12, chokhuthala mamilimita 12, tinachilowetsa ndi dzanja mpaka chigongono. Pa makina ngati amenewa, olemera pafupifupi matani 30, mwendo umodzi utha kusenza magawo atatu mwa anayi a kulemera kwa kireni ndi katundu pamodzi mkono ukatembenukira mbali yake, ndiye kuti matani 26 kapena kuposerapo. Phazi la mwendowo ndi la masentimita 40 mbali zonse. Anayalapo timatabwa tiwiri ta paini tochotsa pa shatala, matabwa otchingira konkire yaiwisi, ndipo kamodzi kanali katathyoka kale pakati n'kumira.

Matcheni anali a miyendo iwiri, aafupi, opanda kachitsulo kosonyeza kulemera komwe angathe. Chifukwa cha kufupikako ankatambasuka kwambiri akakoledwa pa makutu a kalavati, zitsulo zopinda zomizidwa mu konkire zonyamulira. Makutuwo ndiwo anandidetsa nkhawa koposa. Anawapinda kuchokera ku zitsulo za Y16 zotsala pomanga, zamizeramizera zija, pomwe makutu onyamulira amafuna chitsulo chofewa chosalala. Chitsulo cha Y n'cholimba koma chikapindidwa mothina chimatha kuthetheka osachenjeza. Makalavati ena anali asanathe n'komwe masabata awiri chiwaumbireni, pomwe mphamvu ya konkire timaiwerengera pa masiku 28.

Za kalondolondo wa ntchito sindichulukitsa. Opereka zizindikiro anali aliyense amene ali ndi pakamwa: a kapitawo, woyendetsa lole, anyamata a m'dzenje, ngakhale owonerera. Mitengo ya bulugamu yowolokera ija inali mamita ochepa kumunsi kwa dzenje, pansi penipeni pa njira yomwe mkono unkadutsa, ndipo ana asukulu ankaima pomwepo kuti aone bwino.

Kuimitsa ntchito, ndi zomwe tinasankha

Injiniya analemba m'buku la pa saiti kuti kunyamula kwaimitsidwa mpaka pakhale pulani yolembedwa. Mwini kampani anafika masana, ali wotentha. "Abwana, kireni iyi ndikulipira tsiku lililonse, igwire isagwire. Ndalama za satifiketi yoyamba ya malipiro sizinatuluke mpaka lero, simenti ndatenga pa ngongole. Mukufuna ndigulitse nyumba?" Ndikulemba mawu awowa chifukwa sanali kunama, ndipo aliyense amene wagwirapo ntchito za boma akudziwa momwe kudikira malipiro kumamufinyira kontrakitala wamng'ono. Kawaya ka pa kiyi kaja kanachokera mu nkhawa imeneyi. Ukangodzudzula woyendetsa n'kusiya nkhani ya ndalama, mawa kawaya kabwereranso.

Sindinawawerengere malamulo. Tinapita nawo pa mwendo wa kudzenje, anaona okha thabwa lomira, kenako tinakhala pansi ndi tchati ndi kakyuleta ya pafoni yawo. Ndinawafunsa kuti kireni ya eni ikagona m'dzenje, alipira ndani, nanga pansi pake pakapezeka mwana wa m'mudzi, chipukuta misozi ndi maliro zidzatha bwanji, ndipo dzina la kampani lidzapezanso ntchito ya boma kuti. Anakhala chete kanthawi, n'kufunsa kuti njira yotsika mtengo ndi iti. Pamenepo tinayamba kukambirana ngati anthu a ntchito imodzi.

Njira zinalipo zitatu. Kubweretsa kireni yaikulu kukanathetsa nkhani ya mtunda, koma pa msewu wolowera pali kamlatho kena kakale komwe palibe akanalola matani ambiri chonchi kudutsapo, ndipo mtengo wake ukanamugwetsa kontrakitala. Kutsitsa makalavati pafupi n'kumawakoka ndi chikatapila, zomwe a kapitawo ankakonda, tinakana chifukwa kukanaphwanya m'mphepete molumikizira ndi kuwononga konkire ya pansi. Tinasankha yachitatu: kupatutsa kamtsinje ndi ngalande, kudula gombe kuti likhale lotsetsereka, ndi kumanga poimika kireni m'munsi, pambali pa mzere wa makalavati, kuti ngakhale wa kumapeto asapitirire mamita 7. Dothi lofewa linachotsedwa, tinathira miyala ndi gelevulo m'magawo, gawo lililonse n'kulitsendera ndi makina. Pansi pa mwendo uliwonse tinayala mitanda yokhuthala ya bulugamu wouma, yosanjikiza mopingasa, mita ndi theka mbali zonse. Mwa njira imeneyi kulemera komwe kukanafika matani 160 pa sikweya mita pansi pa phazi lokha kunatsika kufika pafupifupi 12. Tinabwerekanso mtanda wachitsulo wotambasulira matcheni kuti aziima chilili, ndi matcheni ena okhala ndi zizindikiro zake.

Panali ena omwe ankafuna woyendetsa abwezedwe ku Limbe. Ndinakana. Pa anthu onse a pa saiti iye yekha ndiye ankadziwa kuwerenga tchati, ndipo anatiuza zoona titamufunsa. Chomwe ankasowa si nzeru, koma munthu woima kumbuyo kwake foni ikalira. Kiyi uja anamuchotsa yekha, tinamuika mu envulopu, injiniya n'kusunga.

Maphunziro a pansi pa mtengo

Pamene chikatapila chinkakonza malo, kireni inali chiimire, ndiye nthawi imeneyo tinaigwiritsa ntchito pophunzitsa. Ndinaumirira zinthu ziwiri. Choyamba, aphunzire omwe amagwira matcheni, kaya ndi aganyu kaya sanapite patali ndi sukulu. Chachiwiri, mwini kampani ndi a kapitawo akhale nawo pa benchi lomwelo mpaka pamapeto. Alawansi panalibe, panali tiyi ndi mbatata. Zonse zinali m'Chichewa, apo ndi apo anyamata n'kumamasulirana mu Chilomwe.

Za mtunda zinali zosavuta. Ndinapatsa a kapitawo ndowa yodzaza madzi kuti aigwire pachifuwa, kenako aitambasule ndi dzanja limodzi. Kireni ili chimodzimodzi, ndipo panalibenso wofunsa chifukwa chake makina a matani 25 akukanika matani 5. Za matcheni tinabwereka masikelo awiri opachika kwa mavenda ogula nandolo. Tinapachika thumba la simenti la makilogalamu 50 pa zingwe ziwiri, chilichonse ndi sikelo yake. Zingwe zili chilili, sikelo iliyonse inawerenga 25. Titazitambasula kufika madigiri 90 pakati pake, iliyonse inakwera kufika cha m'ma 35. Pa madigiri 120 iliyonse inawerenga 50, kulemera kwa thumba lonse. Mnyamata wina anati sikelo za mavenda n'zakuba kale, anthu anaseka, koma atasinthanitsa masikelo n'kupeza zomwezo, anakhala chete. Matcheni awo a tsiku loyamba ankatambasuka pafupifupi chomwecho.

Tinagwirizana malamulo ochepa oti munthu atha kuwasunga pamtima. Wopereka zizindikiro akhale mmodzi, wovala chosiyana ndi anzake, woima pomwe woyendetsa akumuona. Woyendetsa akasiya kumuona, aime. Kuimitsa kokha ndiko kwa aliyense, ngakhale wophika tiyi. Kutsitsa huku ndi kutsitsa mkono zikhale ndi zizindikiro zosiyana, chifukwa mkono ukatsika katundu amapita patali ndipo mphamvu imachepa. Katundu aliyense ayambe wanyamulidwa pang'ono, ngati chikhatho chimodzi kuchoka pansi, aime, anthu ayang'ane makutu, matcheni ndi miyendo ya kireni, kenako apitirize. Katundu ali m'mwamba palibe womugwira ndi manja, aziwongoleredwa ndi zingwe, ndipo m'dzenje musakhale munthu mpaka atatsika kufika m'chiuno. Zizindikiro za manja tinaziyeserera ndi huku yopanda katundu mpaka woyendetsa ndi anyamata anamvana osatsegula pakamwa.

Posankha wopereka zizindikiro ndi pomwe panavuta. Woyendetsa anasankha mnyamata wa thabwa uja, ponena kuti ali ndi maso. A kapitawo sanakondwe, ndipo mnyamatayo anayang'ana pansi. Kwathu kuno mwana saimitsa mkulu pagulu, ndipo a kapitawo anali a msinkhu wa bambo ake. Anzanga ophunzitsa, ichi musachidumphe. Mutha kuphunzitsa chizindikiro choimitsa mpaka dzanja kutopa, koma ngati wochipereka akudziwa kuti Loweruka dzina lake lisowa pa ndandanda wa malipiro, sadzachipereka. Ndinapempha mwini kampani kuti anene yekha pamaso pa onse, ndipo ananena: "Pa nkhani ya kireni, uyu akati imani, ndanena ndine. Palibe achotsedwe ntchito chifukwa choimitsa." Injiniya analemba mawuwo m'buku, onse awiri anasaina. Wezulo tinabwereka kwa aphunzitsi amasewero a pasukulu yapafupi.

A mfumu anatithandiza pa zomwe ife sitikanatha. Anaitanitsa anthu kusamutsa mitengo yowolokera kupita kumtunda, kutali ndi mkono wa kireni, anaika nduna zawo ziwiri pa chingwe chotchinga, ndipo anagwirizana ndi a hedi kuti nthawi yolowa ndi yoweruka ana kunyamula kuziyamba kwaima. Tepi yofiira ija anthu amangoidumpha, koma nduna ya mfumu saidumpha.

Wezulo italira

Makalavati anayi otsatira analowa popanda chovuta, alamu osalira n'kamodzi komwe. Pa wachisanu ndi chitatu, atangonyamulidwa pang'ono pa lole monga tinagwirizanirana, wezulo inalira. Mnyamata uja anatambasula manja onse awiri. Woyendetsa anaima, n'kubweza katundu pansi pang'onopang'ono.

Mnyamatayo anati waona tizidutswa ta konkire tikuthothoka m'mbali mwa khutu limodzi, ndipo wamva kaphokoso ngati kuthetheka. A kapitawo anakwera pa lole, anayang'ana, anati ndi fumbi chabe, dzuwa likupita, anyamule. Anakweza dzanja okha kupereka chizindikiro. Woyendetsa anatulutsa mutu pazenera n'kunena kuti, "Madala, ine ndikuona dzanja la mwanayu basi." Anazimitsa injini. Kwa ine mphindi imeneyi ndiyo inasonyeza ngati maphunziro agwira kapena ayi, ndipo anagwira chifukwa cha anthu awiri, wina woona, wina wokana kumvera dzanja lolakwika.

Titapukuta khutulo ndi bulashi ya waya, mng'alu unaoneka mkati mwa popindika, wopyapyala ngati tsitsi. Titaligogoda ndi hamala ya makilogalamu awiri, linathyoka pa kumenya kwachitatu. Likanathyokera m'mwamba, kalavati akanalendewera mbali imodzi, kugwedezako kukanafika ku khutu linalo ndi ku mkono wa kireni, ndipo zotsatira zake aliyense wa ntchito yathu akuzidziwa. Tinayang'ana makutu a makalavati onse otsala, tinapeza ena awiri okayikitsa. Tinagamula kuti makutu asagwiritsidwenso ntchito konse. Otsalawo tinawanyamula ndi malamba odutsa m'mimba mwa kalavati, opachikidwa pa mtanda wachitsulo uja, m'makona titatchinjiriza ndi zidutswa za tayala lakale kuti konkire isadule lamba. Zinkachedwa, poti kutulutsa lamba pansi pa denga la kalavati woti wagundana kale ndi mnzake kumafuna kuleza mtima.

Funso lomwe anzanga angafunse ndi lakuti, popeza makutuwo tinawakayikira kuyambira pachiyambi, bwanji tinalola kuwagwiritsa ntchito pa anayi aja? Tinawayang'ana ndi maso, matcheni atayima chilili katundu pa khutu lililonse anatsika ndi theka, ndipo malamba oyenera anali asanafike kuchokera mumzinda. Chinali chigamulo cha ine ndi injiniya, chodalira kunyamula koyesa ndi dzenje lopanda munthu. Wina atha kunena kuti tikanadikira malamba, ndipo sindingamutsutse kwambiri. Pa ntchito zomwe zabwera pambuyo pake, makutu timawayendera pabwalo loumbira konkire isanathiridwe, ndipo chojambula cha kalavati chimanena mtundu wa chitsulo chake.

Kuimitsa kwachiwiri kunali kovuta kuposa koyamba, chifukwa kunalibe choonetsa. Kutatsala makalavati awiri, kunagwa chiperoni. Nkhungu inatsika m'phiri, kamvula kowaza, mphepo yozizira yochokera ku Mozambique ikuwomba mwa apo ndi apo. Buku la makinawo limaika malire a mphepo pafupifupi mamita 10 pa sekondi, koma choyezera mphepo pa nsonga ya mkono chinali chakufa. Woyendetsa anati nsonga ya mkono sakuiona bwino, mnyamata anati zingwe zowongolera zikuterera m'manja. Anaima tsiku lonse, kireni ikudya ndalama. Palibe chinagwa, palibe chinathyoka, ndipo mpaka lero mwini kampani amati tsiku limenelo linatayika pachabe. Sindingawatsimikizire kuti pakanachitika ngozi. Chomwe ndinayamikira n'chakuti anadandaulira ine, sanakalipire mnyamatayo.

Momwe zinathera

Makalavati onse 12 analowa, makoma a m'mbali anamangidwa, ndipo msewu unatsegulidwa mvula isanayambe. Palibe anavulala kupatula chala chimodzi chofinyika pa shackle, kachitsulo kolumikizira matcheni. Kireni inakhala pa saiti masiku ochuluka kuposa omwe kontrakitala anawerengera.

Nkhani ya ndalama sinathe bwino. Mu ndandanda wa mitengo ya ntchito, uja timangoti BoQ, chitetezo chinali mzere umodzi wa ndalama yophatikiza, ndipo inathera pa zipewa, majekete owala ndi chikwangwani cha pamsewu. Panalibe mzere wa pulani yonyamulira, wa poimika kireni, kapena wa wopereka zizindikiro. Kontrakitala amene angawerengere zimenezi moona mtima popikisana, mtengo wake umakwera ndipo ntchito imapita kwa amene sanaziwerengere. Injiniya anavomereza kuti miyala ndi gelevulo za poimika kireni zilipidwe ngati ntchito yoonjezera, poti zinagwiranso ntchito poteteza gombe. Masiku omwe kireni inaima anakanidwa, ndipo pempho la kontrakitala lidakali m'fayilo. Ku ofesi yathu tinagwirizana kuti pa ntchito iliyonse ya boma yofuna kireni yomwe tikukonzera mapepala, zinthu zitatu zija zizikhala ndi mizere yakeyake, ndipo kulemera kwa chinthu chilichonse choumbiratu kuzilembedwa pa chojambula komanso ndi penti pathupi pake. Pofunsa za maphunziro sitilandiranso fayilo yokha. Timaitana eni mayina kuti tiwaone, n'kuwapempha atisonyeze chizindikiro choimitsa.

Kiyi tinam'bwezera woyendetsa tsiku lonyamuka, poti ndi wa eni makina, ndipo tinalembera kampani yake za kawaya kaja ndi za choyezera mphepo. Anayankha kuti alandira kalata. Mnyamata uja kontrakitala anamutenga pa ntchito ina ku Thyolo, ndipo anamuonjezera pang'ono pa malipiro a tsiku. Satifiketi alibe, chifukwa maphunziro a pansi pa mtengo sapereka pepala lomwe ofesi ingalandire. Ndalembera mwini kampani kuti akamalipirira anthu maphunziro ovomerezeka dzina lake likhalepo, ndipo anandiyankha pafoni kuti aona ndalama za satifiketi yomaliza ya malipiro zikatuluka.